Mlongoti wa Ba Nkhoma

Ndiyambe ndi kuvomera, poti amene akanandipanikiza ndi mafunso tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali: bodza lija linagwedeza mbali yathu ya Chawama zaka ziwiri zapitazo ndinaliyambitsa ndine, Dalitso, mwana wa a Esnart ogulitsa zovala zakale za salaula. Sanandituma munthu. Ndinaliphika ndekha ndili pamzere wa madzi, ndipo kunena chilungamo linapsa bwino. Analidya amayi a kwaya, analidya ometa tsitsi, analidya ngakhale amayi anga ondibereka, amene ndikawauza kuti kunja kwacha amayamba asuzumira pawindo. Ba Nkhoma nawo analimeza masiku awiri. Tsiku lachitatu anandimeza ine.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati nsungwi, wa jasi lakuda la mabatani achitsulo limene sankalivula ngakhale mu Okutobala, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Tonse tinkawaitana kuti ba shikulu, monga tiitanira agogo aamuna kuno. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito, ndipo ngakhale iwo anabadwira mu Lusaka momwemuno, analankhula Chichewa cha bambo awocho mpaka imfa, mofatsa, ngati akuwerenga kalata. Ana tinkawayeseza kuseri. Iwo ankadziwa. Ankadziwa zonse, chifukwa moyo wawo wonse anali mlonda kumayadi, kunyumba za mipanda yaitali zija, ndipo atapuma ntchito maso awo anakana kupuma. Ankakhala pampando wachitsulo msana utatsamira khoma, nkhope italoza kolowera, ngakhale kwawo kunalibe geti, kampata chabe pakati pa matayala awiri okwirira theka. Ukathyola mango kwa aneba, madzulo ake ankakuuza mtengo wake ndi thumba limene unaikamo. Kwa makolo ako sankakuneneza. Ankangofuna udziwe kuti waonedwa.

Amene anawagulira tivi ndi mwana wawo wamkazi, Ba Loveness, ogwira ntchito m'sitolo m'tauni. Sabata yonse tiviyo inkakhala yofunda nsalu yoluka ngati mwana wakhanda. Koma Loweruka lililonse, nthawi ikamayandikira folo koloko masana, ankaiika pampando pakhomo penipeni, italoza panja, n'kupachika chitenje pamwamba kuti dzuwa lisaphe chithunzi. Kenako ankatulutsa wezulo wawo wa ku ntchito n'kuimba katatu. Anthu ankabwera aliyense ndi chokhalira chake: ndowa, buloko, chigubu, benchi ya kutchalitchi yobwereka osapempha. Kumbali kwa nyumba kunali mlongoti wa bulugamu womangirira kukhoma ndi waya, pamwamba pake eriyo ya tiviyo. Mphepo ikaomba, mlongotiwo unkatembenuka, anthu a mu tivi n'kuuma kukamwa kuli pululu, nkhope zitasweka timabokosi. Pamenepo wina ankathamanga kukaupotoza, bwalo lonse likukuwa kumuuza kolowera.

Chimene tinkaonera chinali sewero la apolisi. Dzina lake la Chingerezi palibe ankalitchula. Tonse tinkangoti "ya Gadi". Bwana wina wolemera anapezeka atafa m'nyumba mwake. M'nyumbamo munali madamu wake wa mawigi osinthasintha, mlongo wake wa madamuyo wa ndevu zometa bwino, ndi mlonda wachikulire wa pageti, Gadi mwini wakeyo. Apolisi atafika, woyamba kumukweza m'galimoto anali mlondayo. Kuyambira pamenepo, sabata ndi sabata, wapolisi wina wamkazi ankafufuza, ife tikumuthandiza.

Ndipo tinkamuthandizadi. Amake Mphatso, ogulitsa tomato pakona, amene amuna awo ndi mlonda ku kampani ina, ankaimirira n'kumukalipira: "Iwe mukazi, yangana mu chola cha madamu! Mu chola! Ah, uyu anaphunzila chabe vamabuku." Tsiku lina anaponya tomato kwa mlongo wa madamu uja, Ba Nkhoma n'kuwayimitsa kuonera sabata imodzi. Amayi a kwaya anafika pomuika Gadi m'mapemphero a Lachinayi, m'busa atafunsa kuti wodwalayo amakhala nyumba iti anasowa chomuyankha. Amayi anga sankasamala za amene anapha. Iwo ankangowerenga madiresi a madamu n'kumanena kuti ili likanabwera mu belo lawo likanatuluka tsiku lomwelo.

Mbali inayo kunali Ba Chanda, ometa tsitsi m'kashopu ka malata pafupi ndi mpopi, munthu wa chipeso chobaya m'mutu ndi mawu ofika kumsika.

"Ba shikulu, osazivuta," ankatero. "Kawalala sangangene mu yadi ngati gadi sanamusegulile. Ni gadi uja. Yanganani chabe menso yake."

"Maso akewo ndi a tulo, a Chanda. Munthu wagona chiimire zaka zingati?"

"Awe, ni menso ya mulandu!"

"Inu mumaona anthu kunkhongo tsiku lonse. Nkhope mwaiphunzira liti?"

Ankakangana chonchi Loweruka lililonse, ndipo Ba Chanda akachedwa, Ba Nkhoma ankachedwetsa wezulo. Ba Nkhoma okha ndiwo ankaonera sewerolo mosiyana ndi tonsefe. Ife maso ankakhala pa amene akulankhula. Iwo ankayang'ana m'mphepete mwa chithunzi, kumene Gadi waima. Ankanena kuti m'nyumba ya olemera chinthu chikasowa, amayambira kufunsa munthu amene amadyera panja, poti iyeyo ndi amene alibe womuimbira foni. Gadi akalandira tiyi pawindo la kukhitchini m'kapu yake yapulasitiki, Ba Nkhoma ankagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akulawa tiyiyo, n'kunena kuti amene analemba sewerolo ali ndi m'bale wake mlonda.

Chimene sitinkadziwa, ndipo nkhani yake yonse ndaimva sabata yathayi pamaliro kuchokera kwa Ba Loveness, ndi ichi. Iwo ali kamwana, m'nyumba imene bambo awo ankalondera munasowa katundu. Ba Nkhoma anatengedwa m'mawa akuweruka, ali ndi jasi lomwelo. Anakhala m'ndende akudikira mlandu zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Akawatengera kukhoti, ankangouzidwa kuti mlandu waimitsidwa, abwerenso mwezi wamawa. Kenako katundu uja anapezeka ndi mphwake wa mwini nyumbayo, iwo n'kutsegulidwa chitseko tsiku lina masana, opanda wonena pepani. Anayenda wapansi mpaka ku Chawama. Atafika anapeza anthu a komwe ankakhala akale akubisa mapoto akamadutsa, ndiye anasamuka n'kubwera mbali yathu ino kumene kunalibe wowadziwa. Sanauzepo munthu. Ndiye Gadi wa mu tivi uja, kwa ife anali wa Loweruka. Kwa iwo unali mlandu wawo womwe, ukuzengedwa koyamba pamaso pa anthu.

Ine zimenezi ndikanazidziwa bwanji? Ndinali Giredi naini.

Loweruka la gawo lomaliza, bwalo linadzaza mpaka kumatayala. Wezulo analira, nyimbo yoyambira inayamba, magetsi n'kuzima. Chawama yense. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, osabwera. Anthu anabalalika akutukwana, atangotonthozedwa ndi mawu akuti gawolo adzalibwereza Lachitatu masana. Ine pa bwalolo panalibe. Ndinali ku Misisi kuonera mpira. Ndiye Lamulungu m'mawa ndili pamzere wa madzi, Amake Mphatso atandifunsa kumene ndinali dzulo, pakamwa panga panangotseguka pokha.

"Nenze ku Kalingalinga kuli ba kazeni. Kuja malaiti yenzeko."

Zigubu zonse zinasiya kulira.

"Waona?"

Ndinayang'ana pansi ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro. "Amake Mphatso, siningakambe. Muzadwala."

Anandigwira malaya. Ndiye ndinakamba. Ndinati Gadi anavomera yekha. Ndinati anamenya tebulo la apolisi ndi jombo yake, n'kuseka, n'kunena kuti anamupha bwanayo chifukwa cha tiyi wopanda shuga. Ndinati madamu analira mpaka wigi kugwa. Za wigizo ndimanyadira mpaka lero. Pofika nthawi yotuluka m'tchalitchi, nkhani inali itafika kumsika, itabereka ndi ana amene ine sindinawadziwe.

Ba Chanda anatulutsa sipika panja pa shopu. Aliyense wodutsa ankamuitana: "Nenze kukamba! Nenze kukamba ine!" Amayi a kwaya anakhumudwa ngati munthu amene ankamupempherera wapezeka kumowa. Zinali zokoma, ndisaname. Koma Lolemba madzulo, amuna awo a Amake Mphatso akupalasa njinga kupita kuntchito atavala yunifomu, tiana tinawathamangira kumbuyo tikuimba kuti gadi wapha bwana, gadi wapha bwana. Bamboyo sanacheuke. Ndinaona khosi lawo lokha litauma. Apo ndinaseka pang'ono chabe.

Ndipo mpando wachitsulo uja unali wopanda munthu. Chibadwire changa ndinali ndisanauonepo chomwecho. Ba Nkhoma anamva nkhaniyo Lamulungu masana kwa Ba Chanda eni ake, amene anapita kukawauza akuvina. Mkuluyo akuti anangonyamuka, n'kulowa, n'kufunditsa tivi nsalu yake, n'kuuza Ba Loveness kuti Lachitatu kulibe wezulo, aliyense akaonere kwina. Masiku awiri chitseko chinali chotseka. Chakudya chinkabwerera momwe chapitira. Ba Loveness akuti Lolemba madzulo bambo awowo anawaitana n'kuwauza kuti abwereze mawu onse amene mwana wa Esnart ananena, osasiyako. Atafika pa jombo yomenya tebulo, mkuluyo anadzuka pamphasa n'kufunsa ngati pali madzi osamba ndi kanthu kodya.

Lachiwiri ndikuchokera kusukulu ndinamva wezulo. Katatu, pa Lachiwiri. Nditakhota pamatayala ndinapeza anthu atakhala kale, Ba Chanda ndi chipeso chawo, Amake Mphatso, amayi anga atapinda manja. Pakati panali ndowa yovundikira.

"Khala apo, mdzukulu," anatero Ba Nkhoma mokoma. "Akuti iwe unachita mwayi. Ife okalamba sitinaone. Tatifotokozere."

Munthu wanzeru akanathawa. Ine ndinaona bwalo lodzaza, ndinakhala, n'kuyambanso, ndi manja omwe.

"Anavomera yekha?"

"Eka, ba shikulu."

"Apolisi analemba mawu akewo?"

"Banalemba."

"Iye n'kusaina?"

"Anasaina."

"Ndi dzanja liti?"

Apa ndinaona msampha, ndipo ndinakondwa kuti ndauona. Ndinakumbukira kuti Gadi ankagwira chibonga chake kumanzere. "La kumanzele! Uja ni wamanzele."

"Waona bwino," anatero, ine n'kutupa. "Bolopeni yake?"

"Ya buluu."

Anatembenukira kwa Amake Mphatso. "Mayi, sabata yachiwiri, madamu atamupatsa tochi yatsopano, anamutulutsira buku pawindo kuti asaine. Anatani?"

Amake Mphatso anatsinzina, milomo ikuyenda. Kenako anakweza chala chachikulu m'mwamba n'kuchiyang'ana ngati achiona koyamba. "Anadinda chala! Uja saziba kulemba! Iwe Dalitso!"

"Anaphunzila mu selo," ndinatero msanga. Anthu ena anaseka, ndipo ndinaona kuti mwina ndipulumuka.

"N'zotheka," anavomera Ba Nkhoma. "M'menemo nthawi ilipo yambiri. Nanga tebulo lija analimenya ndi chiyani?"

"Na jombo."

"Yomanga zingwe?"

"Eee, yamene avala lyonse."

Anayang'ana bwalo lonse, mmodzimmodzi. "Kuyambira sabata yachinayi munthu uja akuyenda chosavala kumapazi. Nonsenu palibe anaona? Mumayang'ana mawigi." Anaimirira. "M'selo salowa ndi nsapato. Amakuvula pakhomo: nsapato, lamba, chipewa. Ukatero umayenda utagwira buluku ndi dzanja kuti lingagwe. Chonchi."

Anagwira buluku lawo m'chiuno ndi dzanja limodzi, mapewa n'kugwa, n'kuyenda masitepe atatu aafupiafupi. Sanali kuyeseza munthu wa mu tivi. Ngakhale ine, amene ntchito yanga ndi kuyeseza anthu, ndinaona kuti thupi lawo likungokumbuka. Anaima chomwecho nthawi yotalikirapo kuposa imene inkafunika.

"Nanga imwe ba shikulu mwaziba bwanji vonse ivi?" anafunsa Ba Chanda, akumwetulirabe.

"Zaka ziwiri ndi miyezi isanu, a Chanda. Katundu wake anaba mphwake wa bwana."

Anakhala pansi n'kukonza jasi. Ba Chanda anazula chipeso m'mutu, n'kuchiyang'ana, n'kuchiika m'thumba.

Amayi anga ananyamuka, atavula kale patapata. "Nipaseni ine uyu, nimusilize!"

"Ayi, mayi. M'khoti mwanga samenya." Anandiyang'ana, ndipo ndikulumbira kuti m'kona mwa diso munali kuseka. "Mnyamatayu gawo lomaliza anaonera kale ku Kalingalinga. Sitingamuvutitse kuonera kawiri. Mawa kuli mphepo, ndipo mlongoti ukufuna munthu. Ukaugwira kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Ndipo gawo limenelo sudzaliona, pano kapena kwina, mpaka ine nditakumasula."

Anandituma kaye kukapepesa amuna awo a Amake Mphatso, pamsewu, pamaso pa tiana tija. Bamboyo anandimvetsera ali panjinga, n'kungondiuza kuti ndipope tayala lakumbuyo.

Lachitatu linali la mphepo ya Julaye, ija yonyamula mapepala ndi fumbi n'kukuthira m'mano. Anthu anabwera ochuluka kuposa Loweruka. Ine ndinali kumbali kwa nyumba, nditakumbatira bulugamu, ndikuona khoma, waya woyanikapo zovala ndi nkhuku imodzi. Sewero lonse ndinalimvera pakamwa pa anthu.

"Kumanja! Bwelela! Apo! Usagwedezeke, iwe kawalala wa nkhani!"

Kenako bata. Kenako "Haa!" wa bwalo lonse. Kenako Amake Mphatso: "Segula chola! Nenze kukuuza kudala, segula!" Manja anachita dzanzi, mphuno ikuyabwa popanda chokandira. Pamene nyimbo ya mu tivi inayamba kugunda mofulumira, anthu onse atasiya ngakhale kutsokomola, ndinadziwa kuti wapolisi uja watsala pang'ono kutchula dzina. Ndinaganiza kuti mwayi wotere subwera kawiri. Ndinapotoza mlongoti pang'ono, kachala kamodzi.

Mfuu umene unatuluka pabwalopo anaumva ku Misisi. Wina anagwetsa benchi. Amayi anga anatchula dzina langa lonse, ndi la ubatizo lomwe. Koma pansi pa phokoso lonselo ndinamva mawu amodzi, osakweza:

"Dalitso."

Ndinabwezera.

Patapita nthawi pang'ono kunamveka nthungululu. Wopha bwana anali mlongo wa madamu, wa ndevu zometa bwino uja. Izi ndinachita kuuzidwa. Akuti Gadi anamutulutsa, wopanda womupepesa, n'kumupatsa pepala lapulasitiki la zinthu zake, iye n'kukhala m'mphepete mwa msewu kumanga zingwe za jombo, magalimoto akudutsa. Anthu akukumbatirana, Ba Nkhoma akuti anangoyang'anabe tivi mpaka mayina a osewera atatha kuyenda. Kenako anati sewerolo analilemba bwino, koma pamapeto anama pamodzi: nsapato sabweza.

Anthu atabalalika anabwera kumbali kwa nyumba, n'kundipeza ndikadagwirabe, poti panalibe wandiuza kuti ndisiye. Anatulutsa mbatata yophika m'thumba la jasi, n'kuinyema pakati. Tinadya chiimire, misana kukhoma.

"Mlonda amadyera panja," anatero. "Waona chiyani?"

"Nkhuku, ba shikulu."

"Yamtundu wanji?"

Ndinalephera. Anapukusa mutu n'kunena kuti ulonda sindingauthe, bodzanso sindingalithe, ndilimbikire sukulu.

Kuyambira sabata imeneyo Ba Chanda ankabwera Loweruka lililonse m'mawa ndi makina awo kudzameta Ba Nkhoma pakhonde, osaitanidwa, akukangana za sewero latsopano limene linalowa m'malo mwa lija. Lachiwiri lapitali ndiwo ananyamula bokosi la maliro kutsogolo, m'mutu mulibe chipeso. Ine masewero enawo ndinkaloledwa kuonera, pa buloko langa, kutsogolo. Koma za gawo lija ndinkafunsa mwezi uliwonse, ndipo yankho linali limodzi, nkhope ili gwa: mlandu waimitsidwa, ubwerenso mwezi wamawa. Ndinkaseka. Mpaka sabata yatha sindinkadziwa kumene anawatenga mawu amenewo. Ndinafunsa komaliza ali chigonere, Ba Loveness akuwamwetsa phala. Mawu anali atatha, koma anakweza chala chimodzi n'kuchizunguza: mwezi wamawa.

Tsopano tivi yapita ku Matero kwa Ba Loveness, pamodzi ndi jasi. Mpando analowetsa m'nyumba, koma pansi patsala timaenje tinayi ta miyendo yake, ndipo pakhoma pali chidetso chosalala pamene msana unkatsamira, chotalika ngati munthu wokhala. Wezulo ali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ana akuthyola mango poyera, palibe wowauza thumba. Mlongoti wokha ndiwo sanauchotse. Waya wake anadula, ndiye umangotembenuka ndi mphepo, kuloza ku tauni, kuloza ku Misisi. Dzulo podutsa ndinauwongola, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wandiona.

Musaganize kuti ndalapa. Bodza lija ndikanaliphikanso, kungoti Gadi ndikanamuvula jombo n'kumudinditsa chala. Gawo lomalizalo mnzanga wina ali nalo pafoni, ndipo wandilozetsa kumaso kangapo. Ndimamuuza kuti ndili pa mlandu, woweruza anachoka asanasaine. Ndatumikira zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Yatsala itatu kuti ndifanane nawo. Ikakwana tidzaona, mwinanso adzaimitsa.